Dzanja Limodzi la Shati

Magetsi athawa mbandakucha
nditangosita dzanja limodzi la shati.
Ndiye ndavala jekete pamwamba,
mu Okutobala muno,
pamene Chipata akuwotcha anthu pakati pa mapiri ake
ngati nsawawa m'phale.
Penias wandiyang'ana ali pabedi:
"Akulu, mukukafunsira mbeta kapena mukupita m'kalasi?"

M'chipinda chathu timagona anayi, mabedi ndi awiri.
Wachisanu ndi chigubu cha madzi
chomwe timachilondera ngati mwana wodwala,
poti mpopi wakuseri kwa hositelo
sabata ino ukungotsokomola mphepo.

Phunziro loyamba ndi la a Shawa.
Akuti mwana wanjala samva za pa bolodi,
aphunzitsi a mawa muzikumbukira zimenezi.
Ndalemba mawuwo, ndawadula mzere kunsi,
m'mimba mwanga mwavomereza mokweza
mpaka Zelipa watembenuka,
kenako wandikankhira chitumbuwa pansi pa desiki
maso ali kutsogolo, ngati si iye.

Atibwezera mapepala a mayeso.
71!
Ine yemwe uja wa 38 temu yatha.
Ndalipinda bwinobwino, ndaliika m'thumba la pamtima,
ndatuluka ndikuyenda ngati bwalo lonse ndalima ndine.

Chimwemwe chafika pakhomo la ofesi ya ndalama n'kuima.
Akhoma mndandanda wa angongole:
osamaliza kulipira, mayeso a Novembala asawalote.
Zaka ziwiri akhala akundilemba Njovu,
m'kaundula, pa chiphaso, paliponse,
ndadandaula mpaka kutopa.
Lero pa mzere wa 23
Chikomeni Njobvu, zilembo zonse zilipo.
Ngongole siphonya dzina la munthu.

Ndaimbira amayi ku Chadiza.
Akuti soya anapita kalekale, wogula akungoti mawa,
ng'ombe ija yayamba kutsimphina.
"Koma ukudya, mwanawe?"
"Ndikudya kwambiri, amama. Nanga inu?"
"Ifenso tikudya."
Tonse takhala chete pang'ono,
mayunitsi n'kutithandiza kudula.

Masana ndatsika wapansi mpaka ku Kapata.
Anyamata a njinga akundiimbira belu,
ine ndikuwaonetsa kuti ndimakonda kuyenda.
Wosindikiza akuti makwacha awiri tsamba limodzi.
Ntchito ya a Shawa inali masamba asanu ndi limodzi;
ndachepetsa zilembo mpaka zafanana ndi nyerere,
yakwana anayi.
Akaiwerenga ndi magalasi awo aja, andikhululukire.

Foni yanjenjemera m'thumba pobwerera.
Mtima phaa, mwina soya uja.
Ayi, ndi akampani ya foni,
akuti ndingathe kupata galimoto.

Usiku tili pakhonde, tochi imodzi anthu atatu,
udzudzu ukuwerenga nafe.
Wina akuloweza mokweza, wina wagonera buku,
Penias akufotokoza za mtsikana wa ku Kalongwezi
yemwe sanamulankhulepo n'kamodzi komwe.
Kenaka, cha m'ma leveni,
hositelo yonse yakuwa kamodzi ngati chigoli chalowa:
abwera!
Aliyense liwiro kukalanda soketi,
mafoni, ketulo, kawaya kotenthetsera madzi.
Nyamasoya ikuwira ndi tomato mmodzi
yemwe tasonkherana anthu anayi.

Ndatulutsa pepala lija m'thumba.
Thukuta lalowerera, inki yofiira yayenderera,
koma 71 akuonekabe.
Penias walikhoma pakhoma ndi chingamu,
pafupi ndi ndandanda ya wokatunga madzi,
akuti alendo azidziwa kuti muno mumagona anthu.

Za Novembala sindikudziwa.
Mawa ndikalowa mu ofesi muja
ndi mawu ofewa amene ndawakonza kale.
Pakali pano simbi yatentha,
ndayala shati pabulangeti,
ndikusita dzanja linatsala lija.